Filimu yopanda kamera: mmene makina a AI akupangira makanema

Filimu iliyonse ndi mndandanda wa zithunzi zoima zimene zimadutsa mofulumira kwambiri moti diso limaziona ngati chinthu chimodzi choyenda. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene mafilimu anayamba kukhala ndi mawu, muyezo wodziwika wakhala zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Choncho filimu ya mphindi 90 imakhala ndi zithunzi 129,600. Kwa zaka zoposa 100, njira zopezera zithunzi zonsezi zinali ziwiri: kuloza kamera pa anthu ndi malo enieni, kapena kulemba ntchito akatswiri oti azijambule pamanja kaya pa kompyuta, monga zimakhalira ndi makatuni. Njira zonsezi zimadya ndalama, nthawi ndi thukuta la anthu ambiri.

Kuyambira m'chaka cha 2022 kwabwera njira yachitatu. Munthu amalemba mawu ofotokoza zimene akufuna kuona, ndipo pakadutsa mphindi zowerengeka kompyuta imatulutsa kanema wa zinthu zimene sizinachitikepo ndi anthu amene sanabadwepo. Mapulogalamu ochita zimenezi ali m'gulu la nzeru zochita kupanga, zimene ambiri amangozitchula mwachidule kuti AI. Ena mwa iwo afika potulutsa zithunzi zokhala ndi kuwala, mitundu ndi kayendedwe ka kamera ngati za m'mafilimu akuluakulu. Koma chimene makinawa amatulutsa ndi tizigawo ta masekondi ochepa. Kuti tizigawoto tisanduke filimu yomveka, pamakhala ntchito yaikulu imene ikadali m'manja mwa anthu.

Kumene lusoli lachokera

Kupusitsa diso la woonera kunayamba pamodzi ndi filimu imene. Mu 1902 Georges Méliès wa ku France anaonetsa anthu akupita kumwezi pogwiritsa ntchito nsalu zopentedwa ndi kudula filimu mochenjera. Makompyuta atalowa m'ntchitoyi, filimu ya Jurassic Park ya mu 1993 inaonetsa zilombo zakale zikuthamanga ngati zamoyo, ndipo mu 1995 Toy Story inakhala filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pa kompyuta. M'mafilimu amenewa kompyuta inali ngati sompho m'dzanja la wosema: mkono uliwonse, mthunzi uliwonse, ankauumba ndi munthu. Makina a masiku ano amasiyana nayo chifukwa amadzipekera okha maonekedwe a chinthu chimene auzidwa.

Anayamba ndi zithunzi zoima. Mu 2022 mapulogalamu a DALL-E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion anafika m'manja mwa anthu wamba, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kampani ya Meta inaonetsa pulogalamu ya Make-A-Video yopanga timakanema tatifupi kuchokera pa mawu. Zoyamba zinali zoseketsa. Mu Malichi 2023 kanema wina woonetsa katswiri wa zisudzo Will Smith akudya spaghetti anafalikira dziko lonse chifukwa cha kuipa kwake: nkhope inkasungunuka ngati phula, manja akumira m'chakudya. Kuyambira pamenepo anthu akhala akubwereza chiyeso chomwechi pa makina atsopano aliwonse kuti aone pamene lusoli lafika.

Linafika patali mofulumira. Kampani ya Runway ya ku New York inatulutsa Gen-2 mu 2023. Mu Febuluwale 2024 kampani ya OpenAI inaonetsa Sora, imene inkatha kupanga kanema wofika mphindi imodzi, ngakhale kuti anthu wamba anaipeza mu Disembala chaka chomwecho. Mu Juni 2024 kampani ya ku China ya Kuaishou inatulutsa Kling, pamene Luma inatulutsa Dream Machine. Tencent ndi Alibaba anapereka makina awo, HunyuanVideo ndi Wan, kuti aliyense wokhala ndi kompyuta yamphamvu awakopere. Mu Meyi 2025 Google inatulutsa Veo 3, imene imapanga chithunzi ndi mawu nthawi imodzi: munthu wa m'kanemamo amalankhula, mapazi ake amamveka, mphepo imawomba. Kuchokera pa nkhope yosungunuka ija kufika apa panangodutsa zaka ziwiri ndi miyezi iwiri.

Zimene zimachitika m'kati mwa makina

Makinawa sasunga mavidiyo a anthu ena m'nkhokwe n'kumadula zidutswa pamene afunsidwa. Chimene amasunga ndi chizolowezi. Pophunzitsidwa, amaonetsedwa zithunzi ndi mavidiyo miyandamiyanda, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Akatswiri amatenga chithunzi choyera bwino n'kuchiwaza timadontho pang'onopang'ono mpaka chitafanana ndi zimene zimaoneka pa TV yosagwira siteshoni. Kenako makinawo amapatsidwa ntchito yobwerera m'mbuyo, kuchotsa timadonthoto kuti chithunzi chioneke monga chinalili. Akabwereza zimenezi kambirimbiri, amazolowera mmene madzi amanyezimira, mmene nsalu imakupizira ndi mphepo, mmene hatchi imanyamulira miyendo.

Ikafika nthawi yopanga kanema watsopano, makina amayamba ndi timadontho tokhatokha topanda tanthauzo. Motsogozedwa ndi mawu amene munthu walemba, amachotsa timadonthoto gawo ndi gawo, ndipo chithunzi chimatuluka ngati mmene phiri limaonekera nkhungu ya m'mawa ikamayera: poyamba mthunzi chabe, kenako mitengo, pomaliza masamba. Njira imeneyi akatswiri amaitcha diffusion. Popeza timadontho toyambira timakhala tosiyana ulendo uliwonse, mawu amodzimodzi amabala kanema wosiyana nthawi iliyonse akatumizidwa. Apa ndi pamene pagona ubwino ndi vuto la lusoli.

Kanema ndi wovuta kuposa chithunzi chifukwa cha nthawi. Kachigawo ka masekondi 8 kali ndi zithunzi 192, ndipo zonsezo ziyenera kugwirizana: malaya ofiira pa chithunzi choyamba akhale ofiira pa chomaliza, munthu wodutsa kuseri kwa mtengo atulukire mbali inayo ali yemweyo. Pofuna kuthana ndi zimenezi, makina monga Sora amadula kanema m'tizidutswa tating'ono tokhala ndi malo komanso nthawi, n'kumatiyang'ana tonse pamodzi pogwiritsa ntchito kapangidwe kotchedwa transformer, kamene ofufuza a ku Google anafalitsa mu 2017 ndipo ndi komwenso kamayendetsa ChatGPT. Masamu ake ndi olemera kwambiri. Amachitikira m'nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi zipangizo zotchedwa GPU, zambiri mwa izo za kampani ya Nvidia, zimene zimadya magetsi ochuluka. Foni kapena laputopu ya wopanga kanema imangotumiza mawu ndi kulandira zotsatira. Ndi chifukwa cha kulemera kwa masamuwa kuti tizigawo timakhala tatifupi, kawirikawiri masekondi 5 mpaka 20.

Kuchokera pa nkhani kufika pa filimu

Ntchito imayamba monga yayambira kalekale, ndi nkhani yolembedwa. Wopanga filimu amaigawa m'zochitika, ndipo chochitika chilichonse amachigawanso m'tizigawo: apa kamera iona mudzi wonse patali, apa iona nkhope, apa iona dzanja likutsegula chitseko. Filimu ya mphindi 90 yopangidwa ndi tizigawo ta masekondi 8 ingafune tizigawo 675, ndipo kalikonse kayenera kudziwika ntchito yake kasanapangidwe.

Chachiwiri ndi kukhazikitsa maonekedwe. Odziwa ntchitoyi sathamangira kupanga kanema. Amayamba apanga zithunzi zoima za munthu aliyense wa m'nkhaniyo, chakumaso, cham'mbali ndi chakumbuyo, atavala zovala zake, komanso zithunzi za malo onse. Zithunzizi amazipereka kwa makina ngati chitsanzo, n'kuwauza kuti aziyendetse. Kuyambira pa chithunzi kumapatsa munthu ulamuliro woposa kuyambira pa mawu okha, ndipo mapulogalamu ena amalola kupereka chithunzi choyamba ndi chomaliza kuti makina adzaze zapakati.

Chachitatu ndi kulemba malangizo, amene pa Chingerezi amatchedwa prompt. Wongoyamba kumene amalemba kuti akufuna msodzi ali panyanja, ndipo amalandira chithunzi chosalala ngati cha pakalendala. Wozolowera amalemba ngati akuuza wogwira kamera: msodzi wachikulire wovala malaya otuwa akupalasa bwato la mtengo umodzi m'bandakucha, kamera ili pafupi ndi madzi, ikutsatira bwatolo pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, dzuwa likutulukira kumbuyo kwake moti nkhope ili mumthunzi ndipo kuwala kukungogwira m'mphepete mwa phewa, zakumbuyo zikuoneka mwachimbuuzi, kukumveka nkhafi yokha ikukhudza madzi. Malangizo otere atchula munthu, chochita, malo, nthawi, kaimidwe ka kamera, kochokera kuwala ndi mawu. Chimene anthu amachitcha maonekedwe a filimu chimachokera pa zinthu zimenezi. Kuwala kochokera mbali imodzi kumaumba nkhope, chimbuuzi chakumbuyo chimakokera diso pa munthu, ndipo kamera yoyenda modekha imapatsa woonera mpata womva. Amene sadziwa chilankhulo cha kamera sangachipemphe kwa makina.

Chachinayi ndi kubwereza. Kachigawo kamodzi kamapangidwa kasanu, kakhumi, mwinanso kupitirira, mpaka kamodzi katagwira mtima. Ulendo wina msodzi atuluka ali ndi nkhafi ziwiri, ulendo wina bwato likubwerera chammbuyo, ulendo wina zonse zili bwino koma malaya asintha mtundu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchitoyi kudekhako kumalipiridwa, chifukwa ulendo uliwonse umadya ndalama.

Chachisanu ndi mawu. Woonera amakhululuka chithunzi chosaoneka bwino msanga kuposa mawu osamveka bwino. Pali mapulogalamu monga ElevenLabs opanga mawu a munthu wolankhula, ena monga Suno opanga nyimbo, ndi ena ogwirizanitsa milomo ya munthu wa m'kanema ndi mawu ojambulidwa padera. Ambiri amasankhabe kujambula mawu a anthu enieni, chifukwa kupuma, kuzengereza ndi kunjenjemera kwa mawu ndi zimene zimachititsa woonera kukhulupirira.

Chomaliza ndi kulumikiza. Tizigawo tosankhidwa timalowa m'mapulogalamu omwe aja amene olumikiza mafilimu akhala akugwiritsa ntchito, monga DaVinci Resolve, Premiere Pro kapena CapCut. M'menemo ndi momwe amadula masekondi oipa, kufufuta zolakwika, kufananitsa mitundu kuti tizigawo topangidwa masiku osiyana tioneke ngati ta tsiku limodzi, ndi kukuza chithunzi kuti chisasweke pa sikirini yaikulu. Ena amawazamo timadontho tochepa dala, kuti achotse kusalala kopitirira muyezo kumene kumaulula kanema wa makina.

Munthu wa mutu wa baluni

Chitsanzo choonetsa bwino kukula kwa ntchito ya anthu ndi kafilimu kotchedwa Air Head, kamene gulu la shy kids la ku Toronto m'dziko la Canada linapanga ndi Sora ndipo kanatuluka mu Malichi 2024. Ndi nkhani yosakwana mphindi imodzi ndi theka ya munthu amene m'malo mwa mutu ali ndi baluni yachikasu. Oonera ambiri anaganiza kuti makina anangolavula filimu yonseyo itatha kale.

Opangawo anafotokoza pambuyo pake mmene zinayendera. Panalibe njira yotsimikizira kuti baluni ya m'kachigawo kamodzi ifanana ndi ya m'kachigawo kotsatira. Nthawi zina inkatuluka yofiira ndipo ankachita kuisintha mtundu pamanja. Nthawi zina makina ankajambulapo nkhope, kapena kuikapo chingwe cholendewera pa malaya, ndipo zonsezi zinkafufutidwa m'mapulogalamu wamba olumikizira mafilimu. Tizigawo tambiri tinkatuluka tikuyenda mochedwa ngati munthu woyenda m'madzi, n'kumachita kutifulumizitsa. Zithunzizo zinapangidwa zazing'ono n'kukuzidwa ndi pulogalamu ina. Mmodzi wa iwo anayerekeza kuti pa sekondi iliyonse imene inalowa mu filimu, anapanga masekondi pafupifupi 300. Makina apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, makamaka pa kusunga nkhope ya munthu mmodzi m'tizigawo tosiyana, koma kagwiridwe ka ntchito sikanasinthe: kupanga zambiri, kutaya zambiri, kukonza zotsala.

Pamene makina amapunthwa

Makanema amene makampani amaonetsa potsatsa malonda amakhala osankhidwa mwa mazanamazana, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makinawa amadziwa mmene zinthu zimaonekera, koma sadziwa bwino chifukwa chake zimachitika. OpenAI yomwe inavomereza, poonetsa Sora, kuti munthu akhoza kuluma bisiketi koma bisiketiyo n'kukhalabe yathunthu. Galasi limatha kutaya madzi lisanasweke, miyendo ya woyenda n'kusinthana malo, anthu a m'khamu n'kulowana matupi. Zala, zilembo za pa zikwangwani ndi zinthu zopatsirana m'manja zakhala zovuta kwa nthawi yaitali.

Vuto lina ndi sewero lenilenilo. Nkhope yokongola yoyang'ana patali makina amaipanga mosavuta. Anthu awiri okangana kwa mphindi zitatu, wina akubisa misozi pamene mnzake akunamizira kuseka, ndi nkhani ina. Pofuna kuzemba vutoli, ena amajambula munthu weniweni akusewera, ngakhale ndi foni, n'kuuza makina kuti asamutsire kayendedwe ka nkhope yake pa munthu wopangidwayo. Pulogalamu ya Act-One ya Runway, ya mu 2024, inapangidwira zimenezi.

Palinso vuto la zimene makina sanaone. Mavidiyo ambiri a pa intaneti ndi ochokera ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, choncho makina amadziwa misewu ya ku Tokyo ndi New York kuposa msika wa kumudzi kuno. Akapemphedwa mudzi wa mu Africa amakonda kusakaniza zovala, nyumba ndi mitengo ya mayiko osiyanasiyana. Wofuna mtondo ndi munsi, nkhokwe ya chimanga kapena kamangidwe koyenera ka chitenje amachita bwino kujambula yekha zithunzi zenizeni n'kuzipereka ngati chitsanzo. Chimodzimodzinso chilankhulo. Chichewa chili ndi mawu ojambulidwa ochepa oti makina aphunzirirepo, pamene tanthauzo la mawu ake ena limadalira kukweza ndi kutsitsa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma amatchulidwa mosiyana, ndipo khutu la mwini chilankhulo limagwira msanga liwu lolakwika.

Ndalama, ndi amene ayamba kale kugwiritsa ntchito

Mapulogalamu ambiri amalipiritsa pamwezi, ndipo wolipira amapatsidwa mlingo wa masekondi amene angapange. Alipo a madola ochepa, koma pamene Veo 3 inkatuluka, inkapezeka kwa olipira pafupifupi madola 250 pamwezi. Pamwamba pa zimenezi pamafunika intaneti yodalirika yotumizira ndi kukopera mavidiyo olemera. Kwa munthu mmodzi ndi ndalama zambiri, koma poyerekeza ndi kubwereka kamera, magetsi, galimoto ndi gulu la anthu, ndi zochepa. Mu Juni 2025, pa mipikisano yomaliza ya basketball ya NBA ku America, kampani ya Kalshi inaulutsa kanema wotsatsa malonda wopangidwa ndi Veo 3 m'masiku ochepa, pa ndalama pafupifupi madola 2,000. Otsatsa malonda ndiwo anathamangira lusoli poyamba, ngakhale kuti si nthawi zonse pamene oonera amalilandira. Kanema wa Khirisimasi wa Coca-Cola wa mu 2024 anadzudzulidwa ndi ambiri kuti analibe moyo.

M'mafilimu akuluakulu, AI yalowa pang'onopang'ono ngati chida chokonzera mbali zina. Kagulu kochepa kamene kanakonza zithunzi za Everything Everywhere All at Once, filimu imene inapambana mphoto za Oscar zisanu ndi ziwiri mu 2023, kanagwiritsa ntchito zida za Runway pofufuta zinthu zosafunika m'zithunzi. Mu filimu ya Here ya mu 2024, Tom Hanks ndi Robin Wright anaoneka ngati achinyamata mothandizidwa ndi kampani ya Metaphysic. Mu The Brutalist, pulogalamu ya Respeecher inakonza katchulidwe ka Chihangare ka ochita zisudzo Adrien Brody ndi Felicity Jones. Mu Julayi 2025 Netflix inaulula kuti chithunzi cha nyumba ikugwa mumzinda wa Buenos Aires, mu sewero la ku Argentina la El Eternauta, chinapangidwa ndi AI, ndipo mkulu wa kampaniyo Ted Sarandos anati chinatha mofulumira kakhumi kuposa njira zakale. M'zitsanzo zonsezi muli olemba, ochita zisudzo ndi makamera enieni. Makina anagwira pamene panali podula kapena povuta.

Makanema abodza

Luso lopanga munthu amene kulibe ndi lomwenso limayika mawu m'kamwa mwa munthu amene alipo. Makanema otere amatchedwa deepfake. Mu Malichi 2022 panafalikira kanema wabodza woonetsa mtsogoleri wa dziko la Ukraine, Volodymyr Zelensky, akuuza asilikali ake kuti atule zida. Anali wosapangidwa bwino ndipo anadziwika msanga. Kumayambiriro kwa 2024 wogwira ntchito ku ofesi ya ku Hong Kong ya kampani ya Arup anatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni kwa akuba, atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene nkhope ndi mawu awo zinali za mabwana ake koma onse anali opangidwa. Ochuluka mwa ovulazidwa ndi lusoli ndi amayi ndi atsikana amene nkhope zawo zimaikidwa pa zithunzi zolaula popanda chilolezo.

Pofuna kuchepetsa zimenezi, Google imaika chizindikiro chosaoneka ndi maso chotchedwa SynthID m'makanema a Veo, ndipo makampani angapo, kuphatikizapo Adobe ndi Microsoft, anagwirizana pa njira yotchedwa C2PA yolembera mbiri ya chithunzi m'kati mwa fayilo yake. Lamulo la AI la mayiko a European Union, limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, lili ndi gawo lolamula kuti makanema otere azidziwitsidwa kuti ndi opangidwa. Njirazi zili ndi malire, chifukwa mbiri ya m'fayilo imatha kufufutika kanema akamadutsa m'mafoni ambiri, ndipo makina amene munthu wakopera pa kompyuta yake sakakamizika kuika chizindikiro. Kuwerenga zala ndi kuyang'ana milomo kunkathandiza kale, koma zolakwika zotere zikuchepa chaka ndi chaka. Chodalirika kwambiri ndi kufufuza kumene kanema wachokera, ndi kuona ngati nyumba zofalitsa nkhani zodziwika zanenapo za chochitikacho.

Antchito, umwini ndi malamulo

Mantha a ogwira ntchito m'mafilimu anaonekera poyera mu 2023, pamene olemba mafilimu a ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148 ndipo ochita zisudzo ananyanyala masiku 118. AI inali imodzi mwa nkhani zikuluzikulu pa mikangano yonse iwiri. Olemba anapambana mfundo yoti makina sangatengedwe ngati mlembi ndiponso kuti munthu sangakakamizidwe kuwagwiritsa ntchito. Ochita zisudzo anapambana mfundo yoti chifaniziro cha nkhope kapena mawu awo chisagwiritsidwe ntchito popanda chilolezo ndi malipiro. Mu Febuluwale 2024 wopanga mafilimu Tyler Perry ananena kuti waimitsa ntchito ya madola 800 miliyoni yokuza malo ake ojambulira mafilimu ku Atlanta ataona zimene Sora inkachita. Amene ali pachiopsezo choyamba ndi ojambula zithunzi zokonzekera filimu, okonza zithunzi pa kompyuta, oyimira khamu la anthu m'mafilimu ndi owerenga mawu a malonda.

Mkangano wina ndi wa zimene makina anaphunzirira. Eni mafilimu, ojambula ndi oimba akuti ntchito zawo zinatengedwa popanda kupempha kapena kulipira. Mu Juni 2025 makampani a mafilimu a Disney ndi Universal anasumira Midjourney chifukwa chotulutsa zithunzi za anthu a m'mafilimu awo. Ena asankha kugwirizana m'malo molimbana: mu Seputembala 2024 kampani ya mafilimu ya Lionsgate inalola Runway kuphunzitsa makina pa mafilimu ake kuti Lionsgate yokha iziwagwiritsa ntchito.

Funso lomaliza ndi la mwini wa kanema wopangidwa ndi makina. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America, ofesi yoona za umwini wa zaluso inanena mu Januwale 2025 kuti kulemba malangizo kokha sikukwanira kupatsa munthu umwini wa zimene makina atulutsa, koma kusankha, kusanja ndi kukonza kumene munthu wachita kukhoza kutetezedwa. Mu Malichi chaka chomwecho khoti la apilo ku Washington linagamula, pa mlandu wa Stephen Thaler, kuti ntchito yopanda mlengi waumunthu singalembetsedwe umwini. Bungwe lopereka mphoto za Oscar linatsata njira yofananayo mu Epulo 2025. Linati kugwiritsa ntchito AI sikuwonjezera kapena kuchepetsa mwayi wa filimu, koma oweruza aziyang'ana kukula kwa gawo limene munthu anali nalo pakulenga ntchitoyo. Motero wopanga filimu ndi makinawa amasunga nkhani imene analemba, zithunzi zimene anajambula yekha, zilolezo za anthu amene nkhope ndi mawu awo zagwiritsidwa ntchito, ndi mafayilo oonetsa mmene analumikizira tizigawo, chifukwa zimenezi ndi umboni wa dzanja lake pamaso pa khoti ngakhalenso pamaso pa opereka mphoto.